Ukayang'ane Khoma Kumunsi

Dailesi, mkazi mnzanga,

Ngati wamvera zimene ndinakuuza, ukuwerenga kalatayi basi itadutsa kale pa Kabwe. Ngati sunamvere, monga mwa chizolowezi chako, ndiye kuti waitsegula musanatuluke n'komwe mu Lusaka. Ipinde, uibweze m'chikwama. Ndikufuna uiwerenge uli kutali koti sungatsike n'kubwerera. Ndalemba ndekha masana ano iwe uli kokalukitsa tsitsi, ndiye usaseke zilembo zanga. Sukulu ndinalekezera panjira, ndipo cholembera chakochi chikuterera m'manja ngati therere.

Ndiyambe ndi choipa, pakuti zabwino mulibemo zambiri. Ndalama ndakusokera mu lamba wa siketizo, zoti ukapereke dipoziti ya chipinda ku Kitwe, si zanga. Sizinachokere ku chilimba chathu chosonkherana ndalama monga ndinakuuzira. Ndi dipoziti ya bana Mwape, mayi amene akhala m'chipinda chathu chakumbuyo kuyambira iwe uli ku pulayimale. Anandipatsa kuti ndiwasungire mpaka tsiku lawo lotuluka. Tsiku lotulukalo ndi Loweruka lino, ndipo ndalamazo zili m'chiuno mwako.

Ndikudziwa nkhope wapangayo. Usayerekeze kunditumizira pa foni. Kusukulu ya unamwinoko anena kale kuti malo ogona adzaza. Ukabweza ndalamazo ukagona kuti, pa siteshoni? Amai ako atamwalira ndinakulera ndi zitumbuwa, mafuta andiwotcha manja onsewa, ndipo sindinapse chonchi kuti iwe ukatsikire pa Kapiri n'kulira. Pita. Koma upite ukudziwa kuti wanyamula za mwini, ndipo ziyenera kudzabwerako zonse, osasowapo ngakhale ngwee. Tsono tamvera mmene ndalama zotere zimasowera, chifukwa ine zandisowapo m'njira zonse zimene zilipo.

Koyamba kunali ku Kanyama konkuno. Kampani imene ankagwirako malemu ambuya ako aamuna itatsekedwa, anatitulutsa m'nyumba ya kampani ku Matero, katundu pa wilibala. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa loswa mutu, fumbi mpaka m'mano. Tinapeza chipinda kwa ba Sakala, bambo wa mawu ofewa, wovala jekete ngakhale kukutentha. Nditalowa ndinagwira pakamwa. Khoma kumtunda loyera, kumunsi kuyambira pansi mpaka m'bondo penti wobiriwira, wonyezimira, akununkhabe. Ine mwana wa ku Katete ndinati mumtima, taonani anthu a m'tauni, amakongoletsa ndi nyumba ya lendi yomwe. Ambuya ako ankafuna kuti tiyambe tafunsa kwa oyandikana nawo. Ine ndinawagunda ndi chigongono m'nthiti, ndati perekani msanga, ena angatilande. Anapereka lendi ndi dipoziti, ndalama zomaliza zimene kampani inawapatsa. Mu Januwale ndipamene ndinadziwa ntchito ya penti uja. Madzi a kuno ukuwadziwa, sadikira kulowera pakhomo, amatumphuka pansi pa simenti. Ndinadzuka m'mawa, kutsitsa phazi, phazi m'madzi. Mbale zikuyandama, thumba la ufa lasanduka phala, amai ako ali kamtsikana atadzikundikira pa tebulo ngati nkhuku yonyowa. Madzi anafika m'bondo, penipeni pamene penti anathera. Ba Sakala anali atayeza bwino.

Titati tisamuke atipatse dipoziti yathu, anabwera ndi jekete lawo lija, nayendetsa chala pakhoma, penti akusupuka ngati khungu la mbatata yophika.

"Manje imwe amai, onani mwamene mwaonongela penti yanga."

Ine ndati, "Ndi madzi, bambo."

Iwo ati, "Manzi ni yanga? Ine ninakupasani nyumba ili che bwino. Penti ni ndalama."

Dipoziti yonse inathera pa penti, woti akanamize naye munthu wina Okutobala wotsatira. Ndiye Dailesi, ukafika kumeneko, usayang'ane makatani, usayang'ane babu. Ukayang'ane khoma kumunsi. Ugwade ngati ukupemphera, ununkhize, ukande ndi chikhadabo. Ukatero utuluke panja ukagule tomato kwa mayi aliyense wa kantemba amene si m'bale wa mwini nyumba, umufunse kuti munthu amene anatulukamo anatuluka akuseka kapena akutukwana. Ndipo foni yako imene umajambulira milomo yako tsiku lonseyo, tsiku limenelo igwireko ntchito. Ujambule mng'alu uliwonse, galasi losweka, loko, chimbudzi, mwini nyumba ali pomwepo akuona. Ukachita manyazi tsiku lolowa, udzalipira mng'alu umene unang'aluka iwe usanabadwe.

Kachiwiri kunali ku Chawama, ndipo uku ndiye kumandiwawabe, chifukwa anandidyera ndi munthu amene tinkavala naye yunifolomu imodzi ya amai a kutchalitchi. Amai Daka. Kwaya imodzi, benchi imodzi. Tsiku lopereka dipoziti ambuya ako anati tilemberane kapepala. Amai Daka anaseka, ati, "Pepa ya chani pakati pa bana ba Mulungu?" Ine ndinachita manyazi m'malo mwa amuna anga, ndinawayang'ana ndi diso loti mwatichititsa manyazi pamaso pa oyera. Tinakhala bwino, sindinama. Tsiku lotuluka ndinakolopa, ndinatsuka mawindo, n'kukawapatsa makiyi m'manja awiri nditagwada. Ati, "Zikomo amai, bwelani mailo mutenge ndalama yanu." Mailo wawoyo, mawa wa mu Lusaka, mwana wanga, safika. Ndinkakwera minibasi kuchokera ku George kumene tinasamukira, kutsika m'tauni, kukweranso ina. Lero bambo apita kumaliro. Mawa mwana ali kuchipatala. Mkuja chitseko chotseka koma wailesi ikulira m'kati. Ndalama za basi zitayamba kuposa zimene ndinkalondolazo, ndinakhala pakhonde pawo ndati sindichoka. Ndipamene anatuluka, nakhala pambali panga ngati tikufuna kupemphera.

"Amai, nikuuzeni chilungamo. Ija ndalama inagula malata. Yamene yenze kukuphimbani imwe. Simunalokewe na mvula, si so?"

Ndinawatukwana mpaka agalu a ku Chawama anasiya kuuwa kuti amvetsere, koma matukwano sagula ufa. Lamulungu tinakumana kutchalitchi, iwo akuyimba mokweza pafupi ndi khutu langa. Ndiye tamva, Dailesi. Kapepala mulemberane, ngakhale mwini nyumbayo akhale m'busa, ngakhale akuitane kuti mwana wanga. Makamaka akakuitana kuti mwana wanga. Palembedwe kuti ndalamazi ndi dipoziti, si lendi, si mphatso, ndipo zidzabwezedwa tsiku lakuti. Pakhale mboni ya mbali yako. Ndipo tsiku lotuluka, makiyi ali m'dzanja ili, ndalama zilowe m'dzanja linalo. Ukapereka makiyi poyamba, wasanduka wopemphapempha.

Kachitatu ndinati tsopano ndachenjera. Ku George anzanga otunga nawo madzi pa kiyosiki anandiphunzitsa nzeru ya m'komboni: mwezi womaliza salipira lendi, amangokhalira dipoziti, mwini nyumba adzibwezere yekha. Ndinabwera nayo nzeruyo kunyumba nditainyamula pamutu ngati ndowa. Ambuya ako anati, "Mayi, tiyeni tiwauze kaye eni ake." Ine ndati, "Inu kufatsa kwanuko ndiko kwatisaukitsa." Mwini nyumba, ba Mulenga, sanakalipe. Anamvetsera, nagwedeza mutu, napita. Madzulo anabwera ndi sikuludiraiva, namasula chitseko chathu ife tikudya, nachisenza.

"Nkalani che, amai, mwezi onse. Dipoziti yanu ni ya chipinda. Chitseko ni changa."

Unali mwezi wa Juni. Tinapachika chitenje pakhomo. Mphepo inkalowa, agalu ankalowa, oledzera ankasuzumira n'kupereka moni. Ambuya ako ankagona chopingasa pakhomopo, pa simenti, kuti ine ndi amai ako tigone. Mwezi umenewo anayamba kutsokomola. Sindikunena kuti chitseko ndicho chinawapha, akuchipatala ananena zina. Koma chifuwa chimenecho sichinawachokenso, ndipo tsiku lililonse mpaka kumanda sananditchulirepo kuti nzeru ija inali yanga. Bola akanatchula. Ndiye usakachenjere, Dailesi. Ukafuna kutuluka unene mwezi usanayambe, ulipire lendi yomaliza, usiye m'chipinda mmene unapezera. Usakhome misomali yopachikira zithunzi za oyimba akowo. Mbaula isalowe m'nyumba, utsi wa malasha umadetsa denga ndipo denga amalipiritsa. Mnzako wogona naye chipinda akathyola kanthu, alipire tsiku lomwelo, ubwenzi usalowepo. Ndipo mwamuna aliyense amene angayambe kusiya nsapato zake m'chipinda mwako, um'ponyere panja ndi nsapato zakezo. Amuna okwiya amamenya zitseko, ndipo chitseko chimenecho chili pa dipoziti ya bana Mwape.

Waona tsono. Ndinakhulupirira maso, anandidyera. Ndinakhulupirira tchalitchi, anandidyera. Ndinachenjera, ndinataya mwamuna. Sindikukulonjeza kuti ukachita zonse ndanenazi ndalamazo zidzabwera. Ndikungokutsekera mabowo amene ndikuwadziwa.

Nditapeza kapuloti kano, kotchipa chifukwa ndi m'madzi, ndinamanga chipinda chathu pokwera pang'ono ndi chakumbuyocho potsika, pamene ndalama zinathera. Mvula yoyamba inasiya mzere wake pakhoma, wakuda, wowongoka ngati wolemba ndi rula. Ndinaimirira pamenepo n'kulumbira pa dzina la ambuya ako kuti mzere umenewo sindidzaupaka penti. Aliyense wofuna chipinda ndinkamugwira dzanja, kumuweramitsa, ndati taona, madzi amafika apa, ukafuna lowa, ukapanda kufuna njira ndi iyo. Dipoziti ya munthu ndinkaikulunga m'pulasitiki, kuiika m'botolo, kuipachika ku mtanda wa denga kumene madzi ndi njala yanga sizifika. Wotuluka ndinkamubwezera tsiku lomwelo. Kamodzi kokha ndinadulapo, pa galasi limene mwana wa munthu anaswa ndi mpira, ndipo ndinapita naye bamboyo kukagula limodzi kuti aone mtengo ndi maso ake. Anthu anayamba kunditcha ambuya a mzere. Ine ndinkanyada nalo dzinalo. Pakamwa panga ukupadziwa. Palibe landilodi wa mu mseu uno amene sindinamunyoze pa kiyosiki. Ndinkawaona mu Okutobala atanyamula zitini za penti, ine n'kukuwa, "Mwayamba kukumba mbuna, ba landilodi? Chaka chino mugwira ndani?"

Bana Mwape atabwera, ndinawaweramitsa nawonso. Anayang'ana mzerewo, naseka. "Ba mbuya, kwamene nachoka yenze kufika mu chiuno. Apa ni ku mayadi." Anakweza bedi pa mabuloko, nakhala. Lendi sanachedwetsepo popanda kudzagogoda n'kunena. Chaka chimene ndinadwala m'mimba iwe uli ku sekondale, ndi iwo anandibereka kumsana kudutsa m'madzi mpaka pa mseu, akundinyoza njira yonse kuti nkhalamba yowonda koma yolemera ngati thumba la simenti. Pogulitsa kapenta akhala akusunga pang'onopang'ono, ndipo agula kamalo ku Chunga, kufupi ndi kotayira zinyalala. Amanga chipinda chimodzi, denga afolera. Anabwera kudzandiuza zimenezi, uthenga wako wa kusukulu utangofika kumene, nkhope ikuwala.

"Ba mbuya, nayenda ku nyumba yanga. Vonse vasila, kwasala che chitseko. Ija dipoziti yanga ndiye ya chitseko, nakamba kale na kalipentala."

Pa zinthu zonse za padziko, chitseko. Ndinayang'ana ku mtanda wa denga, botolo lili pomwepo. Ndati, "Ilipo, mwana wanga, ikukudikirani." Ati, "Nidziwa, ba mbuya. Imwe sindimwe monga benangu. Tizatuta pa Chibelu, tizagona che na chitenje pa khomo, pa Mande nizabwela kutenga." Sanandipemphe n'komwe kuti aione.

Usaganize kuti sindinayende. Chilimba changa chidzandifika mvula ikutha. Amalume ako foni yanga akaiona amaiyang'ana mpaka isiye kulira. Kwa a kaloba, okongoza ndalama za katapila aja, ndinafika pakhomo, koma iwo amafuna mapepala a puloti, ndipo amene anawapatsa mapepala mu mseu uno lero akuchita lendi m'nyumba zawo zomwe. Ndinagona ndikudzuka ndi botolo limenelo pamwamba pa mutu wanga, kuti ndisankhe pakati pa sukulu yako ndi chitseko cha mayi amene anandibereka kumsana. Ndasankha iwe. Usandifunse ngati ndachita bwino, sindinachite bwino. Ndangosankha.

Yatsala njira imodzi, imene ndakhala ndikutukwanira anzanga zaka zonsezi: wolowa alipire wotuluka. Koma mvula yapitayi unaiona wekha, mzere wakwera, wafika m'chiuno. Amene abwera kudzaona chipinda ndawaonetsa mzere monga kale, koma tsopano saweramanso, mzerewo umawapatsa moni ali chiimire. Amati tizabwela, osabweranso. Lachiwiri kunabwera kamtsikana, kokulirapo pang'ono kuposa iwe, kali ndi pakati, mwamuna wake ndi mlonda m'tauni. Bana Mwape anali kumsika, chipinda chokhoma, ndiye kanangoona kunja. Kaulemu, kanagwada pondipatsa moni. Kanandifunsa, "Ambuya, manzi yamangena?" Ine, ambuya a mzere, ndinayang'ana nkhuku za eni ake zikudutsa, ndati, "Udzabwere Lamulungu mukaweruka kutchalitchi, udzaone wekha." Kati, "Nizabwela na ndalama, ambuya, benangu bangatilande." Mawu anga omwe aja, Dailesi. Ndinafunsa kuti mwana akuyembekezeka liti. Kati mu Januwale.

Dzulo ndinapita kogula penti. Ndinapita kutali, kumene sandidziwa. Wogulitsa anafunsa mtundu, ine ndati wotchipa. Ananditsitsira wobiriwira. Ndinaseka mpaka anthu anatembenuka, akuganiza kuti nkhalamba yapenga. Chitinicho chili pansi pa bedi langa, ndachiphimba ndi mayunifolomu ako akale. Wagona pafupi nacho osadziwa. Loweruka, Chibelu chawocho, bana Mwape akatuta, ndidzatseka chitseko n'kuyamba. Kunoku kukutentha, pofika Lamulungu adzakhala atauma.

Ndadziuza kuti ndidzawapatsa mabuloko ambiri okwezera bedi. Ndadziuza kuti madzi akabwera ndidzatenga mtsikanayo ndi khanda lake kudzagona kwanga kokwera. Mwina ndidzaterodi. Mwina ba Sakala nawonso ankadziuza zinthu akamapaka. Ndakhala ndikuwaganizira masiku ano, ndi jekete lawo lija. Sindinafunsepo kuti kunyumba kwawo kunali ndani wofuna fizi.

Mtsikanayo adzatuluka mvula isanathe, ndipo adzafuna dipoziti yake. Ndidzam'patsa ya wolowa pambuyo pake, ameneyonso ya wina. Chaka ndi chaka ndidzakhala ndikupaka, ndipo pa kiyosiki ndizidzatunga madzi nditatseka pakamwa. Bowo limeneli silitsekeka ndi zitumbuwa. Chotsekera chake chili m'chiuno mwako. N'chifukwa chake ndakudzazira mapepala onsewa, ine amene kulemba dzina langa lokha ndimatuluka thukuta. Ukapereke ndalamazo ndi kapepala, ndi mboni, ndi zithunzi. Ukakhale m'chipindamo ngati mlendo woopa kukhudza kanthu. Zaka zako za sukulu zikatha, ukaimirire pakhomo ndi makiyi m'dzanja mpaka akuwerengere zonse. Asakuuze za mailo. Usazidyere pa chikondwerero chomaliza sukulu, usagule nazo nsapato zoyera za ntchito. Ubwere nazo kuno.

Ukadzandipeza, tidzaziika limodzi m'botolo. Ukadzapeza nditapita, pakuti miyendo iyi yayamba kutupa, usagule nazo maluwa a pamanda, sindidzawanunkhiza. Udzagogode kuchipinda chakumbuyo, amene adzatsegule ndiye mwini wake, um'patse m'manja. Ukatero udzatenge mpeni wanga wakale uja wopalira mapoto, udzapale penti yense mpaka mzere uoneke.

Bana Mwape usawauze. Lolemba adzalandira ndalama zawo ndipo adzandikumbatira, adzauza anthu ku Chunga kuti ku Kanyama kuli nkhalamba imodzi yoongoka. Asiye akhale nacho chitseko chawo ndi nkhani yawoyo.

M'chikwama chakumbali ndakuikira zitumbuwa ndi nsawawa, udye usanafike ku Ndola zisanalimbe. Mankhwala a mutu ali m'sokosi. Ukafika uimbe kamodzi n'kudula, ndidzadziwa kuti ndiwe.

Ndipo ukakalowa m'chipindamo n'kupeza khoma lapakidwa chatsopano kumunsi kokha, mwini wake ali nkhalamba yaulemu, yokuitana kuti mwana wanga, yosafuna kukuyang'ana m'maso, usamutukwane. Mwina ali ndi mdzukulu pa basi. Umupatse moni bwinobwino, ugwire lamba wa siketi yako, utuluke.

Ndine ambuya ako,
Nabanda